Udzu Wobiriwira Pansi pa Galimoto

Yoweli, wokonza zigayo wa ku Mlolo, ankalakalaka galimoto yakale ya dizilo yoti aziikonza pang'onopang'ono. Atamva kuti Trywell akugulitsa ina ku Pembamoyo, anapalasa njinga kukaiona.

"Yakhala pompano zaka zinayi osasuntha," anatero Trywell. "Ingotengani lero lomwe."

Changu chimenechi sichinamusangalatse Yoweli. Anagwada n'kusuzumira kunsi. Udzu unali wobiriwira, ndipo pafupi panali mapazi a ng'ombe.

"Achimwene, udzu ungabiriwire chonchi pamthunzi wa zaka zinayi? Mapepala ake ali kuti?"

Trywell anayang'ana kumbali. "Ali kwa alamu anga."

Yoweli anatsanzika, koma analondola mizere ya matayala mpaka pakhomo pa mayi Misozi, amene amuna awo anamwalira chaka chatha.

"Alamu anga a Trywell anaikoka ndi ng'ombe dzana ine ndili kumunda," anatero mayiwo. "Akuti ndi chuma cha malemu akulu awo, amuna anga aja."

M'mawa mwake Yoweli anabwera ndi ng'ombe zake pamodzi ndi alongo awo a mayiwo, n'kuibweza galimotoyo. Patatha mwezi mayi Misozi anamugulitsa okha, mapepala ali m'manja. Mpaka lero Trywell samupatsa moni.