Kakhomo Kamene Namondwe Anatsegula ku Hamarsay

Namondwe atawomba masiku atatu n'kuleka, Osla Mouat ndi mlongo wake Lowrie anakwera boti kupita ku kachilumba ka Hamarsay kukaona nkhosa zawo. Pachilumbapo sipakhala munthu. Pali udzu, mbalame za m'nyanja, ndi nyumba zamiyala za anthu akale zimene akatswiri amadzafukula nyengo yotentha ikafika.

Awiriwo anapeza mafunde atagumula mulu wa mchenga kuseri kwa nyumbazo. Pogumukapo panaoneka kakhomo kolekeza m'chiuno, kamene munthu anali asanakaonepo.

"Achemwali, musalowemo," anatero Lowrie. "Tidikire eni ake a mafosholo aja."

"Iwe mantha ako sanayambe lero. Uli mwana unkathawa ndi nkhanu yomwe," anayankha Osla akuseka. Anali mayi wa zaka makumi asanu ndi limodzi, mawondo ovuta, komabe anagwada, nayatsa tochi, nayamba kukwawa.

Kanjirako kanali kopanikiza, konunkha ndere zowola. Kanamufikitsa m'chipinda chozungulira. Munali bedi lamwala, pakati pali posonkhera moto, ndipo pakhoma panali kashelefu kokhala ndi singano yafupa ngati mwini wake waisiya dzulodzuloli. Osla anatambasula dzanja.

Kumbuyo kunamveka phuu! Kuwala kwa pakhomo kunazima. Mchenga unali utatsetsereka n'kutseka njira.

"Lowrie!" Mawu ake anangomubwerera.

Kenako anamva kupuma. Kunali kupuma kwakuya, kochedwa, kochokera kunsi kwa bedi lija. Fuuu, kenako zii. Thupi lonse linachita tsemwe. Analozetsa tochi kumeneko. Kunalibe munthu. Kunali kangalande kamiyala kolowera pansi, ndipo nthawi iliyonse kakapuma kankalavula madzi. Nyanja inali ikudzaza monga imachitira kawiri patsiku, ikulowera momwe anthu akalewo ankatayiramo madzi awo.

Bola ukanakhala mzukwa. Osla anakulira m'mbali mwa nyanja imeneyo, ndipo ankadziwa pomwe madzi alekezere akadzaza, popeza mulu wotchinga uja unali utagumuka: pamwamba pa denga limeneli.

Madzi anafika mu akakolo, ozizira ngati akuluma. Osla anabwerera m'kanjira kaja n'kuyamba kukumba ndi manja. Akapalasa pang'ono, mchenga wina unkagwa. Zala zinayamba kutuluka magazi. Tochi inamupulumuka, inayaka kanthawi pansi pa madzi, n'kuzima.

"Ambuye, muno ayi," ananong'ona mumdimamo. "Muno ayi."

Madzi atafika m'zigongono, anamva gu! gu! kutsogolo kwake.

"Achemwali! Ngati mukundimva bwererani m'mbuyo, ndingakulaseni ndi nkhafiyi!"

"Kumba, chitsiru iwe! Madzi alowa!"

Nsonga ya nkhafi inabowola mchenga, kadontho ka kuwala kanalowa. Bowolo litakula, dzanja la Lowrie linamugwira pakolala ya jekete n'kumukoka ngati thumba la mbatata. Osla anagwa chafufumimba pa udzu, akulavula mchenga. Atadzutsa mutu anaona mlongo wakeyo atakhala pansi akulira, mamina ali chuu, nkhafi itang'aluka pakati.

Pasanathe ola, pamalo ponsepo panali thovu lokhalokha. Nkhosa sanazionenso tsikulo.

Kwa milungu ingapo Osla sankalola kuti chitseko cha kuchipinda kwake chitsekedwe. Akatswiri aja atabwera nyengo yotentha, anamupempha kuti akawasonyeze kakhomoko. Anawaperekeza mpaka pagombe, analoza ndi chala ali m'boti momwemo, koma sanatsike.