Usadzaizimitse

Tamsin anali pamasitepe, mbale ya buledi wotsekemera ili m'manja, pamene magetsi a m'chipinda chapansi anathima. Amayi a kutchalitchi amene ankathira khofi anangoti "aa!" n'kuyamba kuseka mumdimamo, monga achitira anthu pamaliro akapeza kachifukwa kosekera. Tamsin sanaseke. Makutu ake anamva china: seva ya bambo ake, kompyuta yaikulu yosungira zinthu imene inkalira usana ndi usiku m'nyumba muno, inali itakhala chete.

Anasiya mbale pomwepo n'kuthamangira kukachipinda ka kuseri kwa makina ochapira. Batire loyenera kugwirizira magetsi akathima linangolira kamodzi n'kufa. Linali lokalamba, ndipo bambo akewo, a Wendell Koskela, munthu amene sankalola ngakhale waya kugona mokhota, anatha miyezi yawo yomaliza m'chipatala osalisintha. Anali atawaika m'manda dzulo lake, nthaka ya ku Thunder Bay itauma gwa ndi chisanu.

Kwa woiona, sevayo inali bokosi lakuda chabe. Koma m'kati mwake munkakhala makompyuta ena osagwirika ndi manja, iliyonse ikuchita zake ngati alendi m'nyumba imodzi. Kusamala makina otere ndiyo inali ntchito ya a Wendell moyo wawo wonse, ndipo Tamsin anaitengera. Imodzi mwa makompyutawo inali ya Petra, mng'ono wake, amene anafa pa ngozi ya galimoto ali ku sekondale. Laputopu ya mwanayo itayamba kuvuta, bambo anaikopera yathunthu mu seva, n'kuisiya ikuyaka monga anaisiyira mwini wake: zithunzi zake, mawu ake akudzijambula akuimba mophonyaphonya, ndi homuweki yosamaliza ili chitsegukire. Laputopuyo inatha kalekale. Petra wotsala yense anali m'bokosi limeneli.

Magetsi anayakanso, ndipo Darryl, mchimwene wake wamkulu, anasuzumira pakhomo akupukuta manja.

"Ndadzutsa swichi. N'chiketulo cha kutchalitchi chija, ndinachilumikiza pamodzi ndi mapoto awiri. Nanga nkhope bwanji ngati waona mzukwa? Yatsa basi."

Tamsin anadina batani. Mafani anazungulira, sikirini inawala, kenako panatuluka mzere umodzi wopempha mawu achinsinsi otsegulira madisiki.

"Lemba nanga," anatero Darryl. "Si ndiwe katswiri wathu?"

"Sindikuwadziwa, achimwene."

"Usandiseketse. Adadi ankasunga chilichonse. Ngakhale tsiku logula matayala anali nalo."

"Anasungadi. Mawu achinsinsi onse anawaika mu kompyuta ina imene ili m'kati momwemu. Zokopera zonse zilinso momwemu." Tamsin analoza bokosi lija. "Kiyi ali m'nyumba, ndipo nyumba yakhomeka."

Kulakwitsa kotere n'kwa akatswiri okhaokha. Mbuli ikanalemba mawuwo pachitseko cha firiji, ndipo bwenzi lero zinthu zili bwino. Koma a Wendell ankaopa akuba a pa intaneti kuposa imfa, ndipo mawu oyatsira seva anawakhulupirira m'mutu mwawo mokha, popeza mutu wawo sunawakhumudwitsepo.

Darryl analowa n'kutseka chitseko kuti amayi a khofi asamve.

"Iwe unkadziwa zimenezi?"

Ankadziwa. Kuchipatala bambo anamugwira dzanja n'kunena kuti, "Usadzaizimitse usanamutulutse Petra." Atawafunsa mawu aja anangoyankha kuti ali mu seva, mankhwala atawasokoneza kale mutu. Tamsin anabwera kumaliro ndi disiki yatsopano m'chikwama, ndipo khomo lolowera linalipo bola makinawo akuyaka. Koma kuti kompyuta ya Petra isamuke bwino inafunika kuimitsidwa kanthawi, ndipo iye, amene kuntchito ankaimitsa makompyuta a anthu ambirimbiri akutafuna chingamu, dzanja linamukanika. Tsiku lililonse ankatsikira kuno, n'kuyang'ana homuweki ija, n'kudziuza kuti mawa.

"Ndimati tikangomaliza mwambo," anatero motsitsa mawu.

"Mwambo! Ndiye osandiuza bwanji kuti ndisakhudze masoketi? Ine ndine wa mipope, mayi. Za mizimu yanu ya m'mabokosiyi ndizidziwira kuti?"

"Inuyo mukanafunsa! Mwakhala mukulowa kuno kangati? Adadi akudwala munabwerako kudzaona ngati batire lili moyo?"

"Eya, ndiye mlandu ukhale wanga. Iwe ndi adadi munadzipangira ufumu wanu kuno, ife tinali anthu ongouzidwa kuti osagwira. Lero ufumu wagwa ndi ketulo ya khofi." Atatero, Darryl anatembenukira kukhoma. Ndi iye amene anaphunzitsa Petra kuyendetsa galimoto, ndipo chiyambire sanalimbepo mtima kuyang'ana kompyuta ija.

Anayamba kuyesa. Analemba tsiku lobadwa la Petra, dzina la galu wawo woyamba, dzina la kanyumba ka kunkhalango kumene ankapita m'chilimwe. Darryl anakumbukira nambala ya galimoto yakale, Tamsin nyimbo imene bambo ankaimba akumeta ndevu. Nthawi iliyonse sikirini inkaganiza pang'ono n'kubweza mzere womwe uja. Tamsin ankadziwa bwino kuti akungotaya nthawi. Bambo ake ndi amene anamuphunzitsa kuti mawu achinsinsi abwino ndi amene ngakhale mwana wako sangawalote, ndipo iwo sankaphunzitsa zimene sankachita.

Pamwamba anthu anayamba kutsanzika. Zitseko za magalimoto zinkamveka zikutsekedwa, ketulo ija inanyamulidwa kubwerera kutchalitchi. Chisoni chimene chinamugwira Tamsin chinaposa cha kumanda, chifukwa kumanda kunalibe chimene akanachita, koma kuno chinalipo.

Kenako anamva ndodo ikugogoda masitepe pang'onopang'ono. Anali amayi awo, a Lorna, amene maondo anali atawaletsa kutsika kuno kwa nthawi yaitali. Anaima pakhomo atavala juzi ya malemu, nayang'ana ana awo, kenako sikirini.

"Mwandibisira chiyani?"

"Amayi, khalani kaye pansi," anatero Darryl.

"Ndakhala kale tsiku lonse. Petra ali bwanji?"

Tamsin anafuna kunama. Anafuna kunena kuti kuli anthu amene amatsegula zinthu zotere, kuti angofunika nthawi. Koma pakamwa panatuluka zoona zokhazokha.

"Ali momwemo, amayi. Palibe chafufutika. Koma sitidzathanso kumufika."

"Mpaka liti?"

"Mpaka kalekale."

A Lorna sanalire. Anadutsa pakati pa ana awo, osapita kusikirini, koma kuseri kwa bokosi, kumene kunali kampando kafupi kothina pakati pa makinawo ndi khoma. Tamsin ankangoti n'kokwerapo pokonza mawaya. Amayiwo anakhalapo movutikira, ndodo n'kuitsamiritsa kukhoma.

"Bambo anu ankakhala apa m'mawa uliwonse asanapite kuntchito," anatero. "Ankaganiza kuti sindidziwa. Tsiku lina ndinawapeza atatambasula manja chonchi, ndiye ndinawafunsa kuti, 'Kodi a Wendell, moto wasowa m'nyumba muno?' Iwo akuti, 'Lorna, makina akamagwira ntchito amafunda. Kufunda uku kwina n'kwa mwana wathu.' Munthu wosakhulupirira chilichonse chopanda umboni ameneyo."

Anatambasula zikhato zawo pamabowo otulukira mpweya. Mafani ankazungulirabe, koma m'katimo munalibe chimene chinkagwira ntchito, ndipo mpweya wake unali wozizira ngati wa panja.

"Mwina ichedwa kufunda," anatero a Lorna.

Tamsin anatsegula pakamwa kuti awauze kuti sidzafundanso, koma Darryl anamugwira paphewa. Amayi awo anasendeza kampando kufupi, manja ali pomwepo, n'kuyamba kudikira.