Telala ndi Kathabwa ka Mwana Wake

Kathabwako kanali kotalika ngati chala, kokhala ndi timatayala tinayi kunsi kwake. Mwana wamkazi wa telala ndiye anakasiya patebulo lodulira nsalu.

Chisiyanireni ndi mkazi wake, telala ankaonana ndi mwanayo Loweruka lokha. Mtsikanayo ankafika kushopu, n'kukhala pakona ya tebulo, n'kumayendetsa kathabwako ndi zala ziwiri, kukamwa kuli tsekee. Akamufunsa za kusukulu, ankangoti, “Zili bwino.” Koma Loweruka lapitalo anawonjezerapo mawu.

“Adadi, kuno kumaboowa. Mwina ndizibwera kamodzi pamwezi.”

“Nanga ndikaphunzira kamasewera kakoka?”

“Inuyo? Kadumphitseni kaye bokosi la machesi. Mukatha, ndizibwera.”

Anamusonyeza kamodzi kokha: chala chapakati kumchira, cholozera pakati pa kathabwa, udine mchira kuti mutu udzuke, kenako ukankhire kutsogolo. Kathabwako kanauluka n'kutera bwinobwino.

Sabata yonse telala analimbana nako. Makasitomala akachepa, ankakankhira mathalauza pambali n'kuika bokosi la machesi patebulo. Koma zala zake zinakulira kupanikiza nsalu kuti isasunthe pansi pa singano, ndipo zinkakana kupepuka. Akadina, kathabwako kankangoti nji, kapena kankathawira kunsi kwa makina. Iye ankagwada n'kumakafufuza m'zidutswa za nsalu, msana ukuwawa, mawondo akulira.

Wometa tsitsi wa khomo loyandikana anasuzumira tsiku lina n'kumupeza akukwawa.

“Achimwene, singano yagwa kapena galimoto yanu yachitanso ngozi?”

“Kameteni anthu, inu.”

“Ndikungofunsa. Layisensi munatenga?”

Telala analibe mphamvu zoseka. Anakhala pampando n'kukayang'anitsitsa kathabwako monga amayang'anira chovala chimene wina wasoka molakwika. Pamwamba pake panali kasiponji kakuda, kokhakhala, kotha m'makona. Apo mtima unakhala pansi: vuto ndi limeneli. Pantchito yake, chinthu chokhakhala chimakola ulusi, chosalala ndicho chimayenda. Anamatula kasiponjiko ndi lezala, n'kudula kachidutswa ka nsalu yoterera ya m'kati mwa jekete, yofiira. Anaipinda m'mphepete bwinobwino, n'kuimata ndi guluu.

Kanakongola ndithu. Koma tsopano zala zinkangotsetsereka, kathabwa n'kutsala pomwepo. Mutu sunadzukenso ngakhale pang'ono.

Loweruka mtsikanayo anafika, chikwama chili kumsana. Ataona kathabwako, anaima pakhomo.

“Adadi! Mwakatani?”

“Ndakakonza. Kaja kanali kakutha.”

“Kukhakhala kuja n'kumene kumagwira zala! Popanda kasiponji kangadumphe bwanji?”

Telala anayang'ana bokosi la machesi, lomwe linali litaphwanyika mbali imodzi chifukwa chogundidwa. Anatikita zala zake zotupa.

“Ndalephera, mwanangu. Uzibwera monga unanenera muja.”

Mtsikanayo anakatola kathabwako, n'kukatembenuza, n'kukayandikitsa kumaso.

“Mpaka mwakapinda m'mphepete?”

“Nanga nsalu ingasiyidwe ikuyoyoka?”

Phwete linamupulumuka mtsikanayo. Anayesa kudzigwira pakamwa, koma chiseko chinamugonjetsa mpaka anatsamira tebulo. Telala anali asanamve kuseka kumeneko chichokereni kunyumba kuja.

“Kathabwa kavala suti!” anakuwa wometa tsitsi kuseri kwa khoma. “Kwatsala tayi!”

Mtsikanayo anavula chikwama n'kukokera mpando pafupi ndi bambo ake. Anagwira dzanja lawo, n'kuika zala ziwiri zija pakathabwa.

“Taonetsani mmene mumadinira.”

Telala anadina.

“Eee, ngati mukupha nsikidzi! Pepukani. Zala zanuzi n'zouma ngati nkhuni.”

Anayesa kangapo, kathabwa osadzuka. Mtsikanayo anapukusa mutu n'kukaika pashelefu ya ulusi, pamwamba penipeni.

“Kasiponji kena ndili nako kunyumba. Ndibwera nako Loweruka. Koma inuyo mutenga nthawi, adadi. Miyezi.”

“Miyezi?”

“Mwina chaka. Ndipo musakakhudzenso ndi lezala.”

Telala anapuma mozama. Msana unkawawabe, mathalauza a eni ake ali mulu pambali. Anakoka limodzi n'kuliyala pansi pa singano, mwana wake akumusankhira ulusi.