Nsalu Yofunditsa Bokosi

A Nankhoma tulo tinawathawa chaka chimene Lonjezo, mwana wawo mmodzi yekhayo, anagundidwa ndi njinga yamoto. Woyendetsa anali Fanuelo, wa kabaza, ataledzera. Anakakhalako kundende n'kutuluka, koma kumanda sikutuluka munthu.

Ine ndi a Nankhoma nyumba zathu n'zoyandikana, komanso tonse ndife a Mvano. Mapemphero awo ndinkawamvera kuseri kwa mpanda: "Mulungu wa chilungamo, mukhala chete mpaka liti? Mulangeni!" Tsiku ndi tsiku nyimbo yomweyo, mpaka mawu anasasa. Ndisaname, ndinafika potopa nawo, ngakhale chisoni chinkandigwira ndikaona mmene anawondera.

Ndiye kunagwa maliro. Anamwalira a Nasoko, mayi ake a Fanuelo, Mkhristu mnzathu. Kwathu kuno Mkhristu akatisiya, bokosi lake timalifunditsa nsalu yoyera ya mpingo, ya mtanda pakati. Bokosi lotuluka losafunda ndi la munthu wodulidwa mu mpingo, manyazi osasimbika. Tsono wosunga ndi kuchapa nsaluyo anali a Nankhoma. Titapita m'mawa kukaitenga, anatiyankha ali chikhalire.

"Pakhomo paja nsalu imeneyi siifika. Anabala chigawenga, chimufunditse chitenje."

"Amayi, wamwalira si Fanuelo ayi," ndinatero.

"Ndamva. Zipitani."

Tinabwerera chimanjamanja, maliro ali oti aikidwe masana omwewo. Ha, mtima wanga unawawa!

Zotsatirazi anandiuza okha pambuyo pake. Titachoka, anatsamira chipupa pakhonde, dzuwa lili phwee, ndipo tulo tomwe tinawakana chaka chonse tinawaba. Anangozindikira ali m'tchalitchi chakale cha zidina, chija chinagumulidwa kalekale. Pansi panali pozira kumene, fungo la dothi lonyowa lili guu, mileme ikulira kudenga. Munalibe munthu. Kenako pakhomo panatulukira malemu a Gwaza, bambo awo, amene ankaimba belu la tchalitchicho. Anavala jekete yawo yosuluka ija, thumba lili paphewa, akupuma movutikira. Analitula pansi. M'menemo munali miyala yokhayokha.

"Efelo, mwana wanga, mapemphero ako ndi awa. Akulemera."

"Bambo, inetu ndikungopempha chilungamo."

"Magazi a Lonjezo Mwini wake sanawaiwale. Mlanduwo uli m'manja mwake, si mwako. Koma ukamaitanitsa sikelo, dziwa kuti timakwerapo tonse. Ine nsalu ija munandifunditsa. Kodi ndinali woyera?"

A Nankhoma ukali wa bambo awo ankaudziwa bwino, zipsera zake mayi awo anapita nazo kumanda.

"Nasoko akuzizidwa," anatero mkuluyo motsitsa mawu. "Kamufunditse."

A Nankhoma anadzidzimuka thukuta lili kamukamu, belu likulira kutchalitchi. Ine ndinangomva akuitana pampanda.

"Mayi a Tadala, muli ndi makala a moto? Ndithirireni mu nsimbi."

Ndinawathirira. Anaisita nsaluyo pang'onopang'ono, misozi ikudonthera pomwe nsimbi yadutsa, n'kubwerezanso kusita.

Tinafika pa siwa adzukulu atanyamula kale bokosi, lili losafunda. Nyimbo inaduka. Anthu anapatuka, ndipo Fanuelo ataona a Nankhoma anagwada m'fumbi, kulephera ngakhale kudzutsa mutu. Ndinaganiza kuti lero kumveka zoopsa.

A Nankhoma anamuyang'ana nthawi yaitali. Sananene kuti ndakukhululukira, ayi, bodza ndilekeni. Anangotambasula nsalu ija.

"Dzuka. Gwira mbali iyo, ndi mayi ako awa."

Anaifunditsa awiriwo, wina kumutu, wina kumiyendo. Abusa atapempha kuti mayi mmodzi apemphere, a Nankhoma anatsogola ndi mawu awo osasa aja.

"Ambuye, ndatopa. Chilungamo n'chanu, musunge nokha. Ife tichitireni chifundo, tonse, ndi mwana uyu yemwe."

Madzulo ake ndinatchera khutu kumpanda monga mwa masiku onse. Kunali zii. Nditasuzumira, ndinawapeza ali mtulo pamphasa, duku la Mvano likadali kumutu.