Mzere Woyamba

Mtengo wa bulugama wa kumapeto kwa munda wa kumsewu unagwa m'mwezi wa Malichi, tsiku la chimphepo chotentha chija chochokera kumpoto, ndipo Narelle Kleinig anadikira kuti bambo ake anenepo kanthu. Mtengowo unkaoneka bwinobwino munthu akakhala pakhonde. Bambo akewo, a Lindsay, ankakhala pakhondepo m'mawa uliwonse ndi kapu ya tiyi, nkhope atalozetsa komweko, koma sanatchule kanthu. Sabata inatha, ina n'kuthanso. Narelle anatenga macheka a injini, n'kukaudula mtengowo zidutswazidutswa, nkhuni zake n'kuunjika kuseri kwa shedi. Mbale yoyera yachitsulo imene inakhomedwa pathunthu pake anaikanganula n'kuiponya kuseri kwa mpando wa pikapu.

Mbale imeneyo inali ndi ntchito yake. Minda ina yonse ya tirigu pafamupo ankaifesa Narelle, pa thirakitala yatsopano yodziwongolera yokha. Koma munda wa kumsewu unali wa a Lindsay, thirakitala yawo yofiira yakalekale, ndi maso awo. Kuno ku Mallee munda wa m'mbali mwa msewu ndiwo nkhope ya mlimi. Anthu akamapita kutchalitchi amachepetsa liwiro, osati poopa ngozi ayi, koma kuti aone mizere ya mnzawo, akapeze chokamba pa tiyi. Ndiye mlimi amasankha chinthu chakutali chosasuntha, n'kulunjika komweko osacheuka. Mzere woyamba ukawongoka, ina yonse imangotsatira. A Lindsay anakhoma mbaleyo atangokwatira kumene, ataiba m'khitchini mwa malemu mayi ake a Narelle, ndipo chikhomereni palibe anapezapo choseka pamunda wa a Kleinig.

Chaka chino mvula inachedwa. Meyi anafika kumwamba kuli gwa, ndipo alimi onse anayamba kufesa m'fumbi momwemo, kuti mvula ikadzabwera idzapeze mbewu ili kale pansi. A Lindsay nawo anakwera yofiira yawo m'mamawa, n'kutsika dzuwa litapendeka, nsidze zili mbuu.

"Zayenda bwanji, ababa?" anafunsa Narelle atatsamira pikapu.

"Monga kale lonse, mwanawe. Mbale ija lero imachita kuwala ngati aitsuka. Ndangoilunjika basi."

Mbaleyo inali kuseri kwa mpando wa galimoto yomwe Narelle anatsamirayo.

Kuyambira tsiku limenelo tinthu tambiri tinayamba kumumvekera: bambo ake maso anali akufooka. Tiyi uja ankathira pambali pa kapu n'kumanamizira tebulo kuti lapendekeka. Nyuzipepala ija anasiya kuwerenga ati chifukwa masiku ano amangolemba mabodza. Kutauni anasiya kupita okha ati chifukwa galu amasungulumwa. Mkuluyu anali wochenjera, tisanamizane, ankayala bodza lake bwinobwino ngati bedi la mlendo. Ndipo Narelle ankadziwa chimene ankabisira. Mchimwene wake Gavin, wa mumzinda wa Adelaide, anali atanena kale pa Khirisimasi, akudula nyama ya nkhosa ngati akunena zabwino, kuti ababa maso akadzangofooka adzapite kwa iye, kuli kanyumba kabwino pafupi ndi chipatala. A Lindsay anabadwira pafamu pomwepa. Narelle ankaona kuti m'kanyumba kameneko akangofota ngati mbande yozulidwa.

Choncho anakhala chete. Nthaka nayo inakhala chete, pakuti mbewu yofesedwa m'fumbi siulula kanthu mpaka itanyowa. Munda wonse unali wofanana, wofiirira, mphepo itafafaniza ngakhale mapazi a matayala. Narelle, amene moyo wake wonse ankapempherera mvula, tsopano ankayang'ana kumwamba ndi mitima iwiri, ndipo zinkamuchititsa manyazi.

Chisanu chinalowa m'masiku oyamba a Juni, mwakachetechete. M'mawa wina mphepo inatembenuka n'kuyamba kuchokera kum'mwera, ikununkhira dothi lonyowa la kwa eni ake. Zinkhwe zinasiya phokoso pamawaya. Nkhosa zinaunjikana pakona, zonse zitalozetsa misana kumene kumachokera mphepo. Kenako padenga lamalata panamveka kugogoda, kumodzikumodzi, mpaka kunangosanduka mkokomo umodzi wofatsa. Sinali mvula yaukali. Inali ija yolowa pansi, yobwera ndi kuzizira kwake kolowa m'mafupa.

A Lindsay anaima pakhomo atakweza mphuno. "Imeneyi ndiye mvula," anatero. "Bweretsa nkhuni, tiyatse chitofu."

Moto woyamba wa chaka unali wa iwowo, palibe ankawalanda. Zitsa zimene ankasonkhera masiku onse zinali panja zitanyowa, ndiye Narelle anathamangira kuseri kwa shedi n'kudzaza wilibala osaganiza n'komwe. Mtengo uja unali utauma kale mbali imodzi usanagwe, nkhuni zake zinali zabwino. A Lindsay anagwada pachitofu, maondo akulira, n'kumatola chikuni chimodzichimodzi, kuchisisita kaye asanachiponye. Pa chikuni china dzanja linaima. Chala chawo chachikulu chinazungulira pamalo amodzi, kubwerezabwereza. Apo m'pamene Narelle anaona mutu wa msomali wadzimbiri, wonenepa, uli ndi kachidutswa koyera kokanirira m'mbali.

"Nkhuni izi wazitenga kuti?"

"Kuseri kwa shedi, ababa."

"Ehe."

Chikunicho sanachiponye pamoto. Anachiika pambali, n'kuyatsa machesi, n'kukhala pampando wawo manja atatambasulira kumoto. Tsiku lonse mvula inagwa. Anamwa supu wa nyama ya nkhosa, anakamba za ngalande ya padenga imene imadontha, anakambanso za nkhosa zimene zatsala pang'ono kuswa. Za msomali palibe anatchula.

Mvula itakata kunabwera m'mawa wa chisanu chenicheni, udzu uli woyera, madzi a galu ataundana pamwamba. Ndipo m'mawa wina wotero munda wa kumsewu unasintha mtundu. Munthu akayang'ana pafupi ankangoona dothi, koma akakweza maso ankaona kubiriwira kopyapyala kutayala mpaka kumapeto. Tirigu anali atamera.

Narelle anapita kumpanda ndi bambo ake, onse atavala majekete, mpweya ukutuluka m'kamwa ngati utsi. Anayang'ana, mtima n'kugwa. Mizere inayamba bwino, yowongoka ndithu kuchokera pachipata. Koma chapakati inayamba kukhotera kumanzere, pang'onopang'ono, yonse pamodzi, uliwonse kutsatira unzake mokhulupirika, mpaka munda wonse unapindika ngati uta. Apa ndi apo panali mipata ya dothi lopanda kanthu. Ngakhale mwana wodutsa pa basi ya sukulu akanaona.

Ndipo ngati kuti anachita kumuitana, pikapu ya a Clarrie Noack, mnansi wawo, inatulukira pamsewu ikuyenda ngati ikuperekeza maliro. A Noack anatsitsa galasi, chipewa chaubweya chili m'makutu.

"Lindsay! Iwe nkhalamba iwe! Chaka chino unalunjika chiyani, ng'ombe yoyenda?"

"Ndimatsanzira munda wako, Clarrie," anayankha a Lindsay osachedwa. "Ndimati ndione ngati umabereka bwino ukapindika."

"Aaa, wanga ndiye umapindika mwaulemu. Uwu ndiye wachita kuvina! Narelle, mwanangu, botolo la mowa umabisa kuti? Walipeza mkuluyu."

"Pitani, a Noack, ana a nkhosa anu akuzizidwa," anatero Narelle akuyesa kuseka.

A Noack anaseka mpaka kutsokomola, n'kunyamuka. Sanali munthu woipa. Zaka zonsezi ankadutsa pamenepa osapeza chonena, ndiye lero tiwakhululukire. Koma atapita pang'ono Narelle anaona galimotoyo ikuimanso, mwini wake akuyang'ana mundawo nthawi yaitali, osasekanso.

Phokoso la injini litazimiririka, a Lindsay anagwira waya wa mpanda ndi manja onse awiri.

"Ndiuze, mwanawe. Yapindika kwambiri?"

Bodza linali pafupi, pamlomo penipeni. Akanatha kunena kuti a Noack amakokomeza, kuti n'kakhota kakang'ono chabe. Koma munthu amene anafesa munda umenewu zaka zonsezi anali ataima patsogolo pake n'kumafunsa mwana wake mmene ukuonekera, ndipo Narelle sanathe kunama.

"Kwambiri, ababa. Kuyambira pakati mpaka kumapeto."

A Lindsay anagwedeza mutu. Anapisa m'thumba la jekete n'kutulutsa msomali uja, atauzula n'kuupukuta.

"Unagwa liti?"

"Malichi. Tsiku la chimphepo lija."

"Malichi!" Anaseka pang'ono, kuseka kopanda mphamvu. "Ndiye ine m'mawa uliwonse ndakhala ndikupatsa moni mtengo woti uli kuseri kwa shedi?"

"Munaneneranji kuti mbale mwaiona?"

"Ndimaopa ku Adelaide. Nanga iwe sunandiuze bwanji?"

"Inenso ndimaopa ku Adelaide komweko."

Dzuwa linkasungunula chisanu pawaya, madontho akugwera pansapato zawo. A Lindsay anafotokoza pang'ono, osadandaula, ngati akunena za thirakitala yotha. Za m'mbali ankaziona ndithu, mpanda, galu akamathamanga. Koma chimene akuchiyang'ana chenichenicho ndicho chinkasowa, pakati pankangokhala chimtambo. Kuyambira chaka chatha.

"Gavin ndiyenera kumuuza," anatero Narelle. "Kwa dokotala mupita. Ndipo thirakitala ija, ababa, simukweranso. Tsiku lina mudzagunda mpanda, kapena munthu."

Anadikira mkuntho, pakuti a Lindsay sanali munthu wouzidwa zochita pafamu yawo. Koma mkuluyo anangotembenuza msomali uja m'manja.

"Kachigawo kakumunsi kaja, ka barele, sunafese eti?"

"Ndimadikira mvula. Mawa ndilowamo ndi yatsopano ija."

"Kamenekonso kali kumsewu. Tenga yofiira."

"Ababa, ine sindinafesepo ndi maso chikhalire. Komanso ndilunjika chiyani? Mtengo palibe."

"Mbale ya amayi ako unataya?"

Narelle anapita kupikapu n'kukaitulutsa kuseri kwa mpando. Inali yotemeka m'mphepete, ndi bowo pakati, koma kuyera kwake kunalipobe. A Lindsay anaipukuta ndi mkono wa jekete, n'kuipana m'khwapa.

"Kadzaze mbewu. Ukamafika pachipata ine ndikhala nditafika."

Ananyamuka motsatira mpanda, dzanja limodzi likuyenda pawaya, galu pambuyo. Narelle anafuna kuwathamangira kuti awatenge pagalimoto, koma anadzigwira. Anapita kushedi, anadzaza barele m'makina ofesera, analimbana ndi injini yozizira ya thirakitala yofiira ija mpaka inatsokomola n'kuvomera. Mpando wake unali utawumbika potengera thupi la munthu wina, chiwongolero chitasalala pamene manja ankagwira.

Atafika pachipata cha kachigawo kaja anaimitsa n'kukweza maso. Kutali, kumapeto kwa dothi lakuda lonyowa, kunali kadontho koyera. Kanali pamsinkhu wa chifuwa cha munthu, ndipo sikankagwedezeka.

Anatsitsa makina, n'kuyamba. Thirakitala yakaleyo inkakokera kumanzere, ndipo apo anamvetsa chimene chinapinda munda wa bambo ake: popanda chouona kutsogolo, dzanja limangogonjera. Analimbitsa mikono. Mtima unkamuuza kuti acheuke aone mmene mzere ukuyendera, koma anakumbukira mawu amene ankawamva ali kamtsikana, atakhala pambali pa mpando womwewu, akuti wocheuka ndiye amakhotetsa. Mphepo yozizira inkamutulutsa misozi, ndipo ina sinali ya mphepo. Kadontho kaja kanakula, kanakhala mbale, pansi pake panaoneka miyendo, pamwamba chipewa. A Lindsay sankaiona thirakitala ikubwera, ankangoimva, koma sanasunthe phazi ngakhale limodzi.

Narelle anaimitsa patsala pang'ono, n'kuzimitsa injini. Kunangoti zii, kupatula zinkhwe zimene zinali zitatera kale m'mbuyo kufunafuna mbewu. Manja a bambo ake anali atachita buluu ndi kuzizira.

"Tsopano cheuka," anatero a Lindsay. "Wawongoka?"

Narelle anacheuka. Mzere wakuda unachoka pamatayala ake mpaka pachipata.

"Wakhota pang'ono poyambira. Kwinaku uli bwino."

"Poyambira Clarrie saona, pali chitsamba." Anatsitsa mbale ija, n'kupukusa mapewa owuma. "Gavin umuimbire lero lomwe. Umuuze zonse, usabise kanthu. Maso atha, thirakitala ndasiya, kwa dokotala ndipita." Anapuma kaye, akusisita bowo la pakati pa mbale. "Koma umuuzenso kuti m'kanyumba kake aikemo wina. Kuno mtengo unagwa, ndipo ntchito yake ndatenga ine."

Narelle anavula magolovesi ake n'kuwaveka bambo akewo, chala chimodzichimodzi. Kenako anakwera, n'kutembenuza thirakitala kuti ayambe mzere wachiwiri.