Dimba la Kaputeni

Kuseri kwa shopu yake yometera, pakati pa ndowa ya matawulo ndi bokosi la zipeso zothyoka, Wometa anali ndi kompyuta yakale. Anaigula kwa munthu wina amene ankasamuka. Ikayaka inkalira ngati firiji, ndipo batani lina la pa kiibodi linali lomata ndi selotepi. Koma inkagwira ntchito, ndipo Loweruka lililonse inkakhala ya mwana wake.

Mwanayo anali mtsikana woti wangoyamba kumene sekondale. Chithereni banja, ankakhala ndi mayi ake mbali ina ya tauni, ndipo Loweruka m'mawa ankakwera basi yekha kubwera kushopu. Wometa ankamutcha Kaputeni. Dzinali linayamba ali wamng'ono, nthawi imene ankakhala pamiyendo pa bambo ake n'kumaonera filimu ya pa TV ija ya chombo chosochera kuthambo, anthu ake akufunafuna njira yobwerera kwawo. Filimuyo inatha kalekale, koma inasiya magemu a pakompyuta, ndipo Kaputeni anali ndi yake.

Yakeyo inali ya dimba. Munalibe mfuti. Iweyo umakhala wosamalira dimba la m'chombo, limene limapatsa anthu mpweya ndi chakudya. Pakati pa dimbalo umadzala njere imodzi yochokera kudziko lathu lino, ndipo mtengo wake sufuna phuma. Kaputeni anausamalira kuyambira chaka chatha. Loweruka lomaliza anawaitana bambo ake ali pakati pometa munthu.

"Adadi, bwerani muone! Wachita maluwa."

Wometa anasuzumira, makina ali m'manja. Pa sikirini panali mtengo wofika kudenga la chombo, uli mbuu ndi maluwa.

"Ndikabweranso mwina ndiupeza utabereka," anatero mwanayo. "Osakhudza chilichonse, mwamva?"

"Ndamva, Kaputeni."

Wometa ankadziwa kuti masiku a Loweruka amenewa sanali okhazikika. Mayi a mwanayo anali atamuuza kale pafoni kuti, "Mwana wakula uyu. Anzake Loweruka amakhala ku netibolo. Ine sindimukakamiza kubwera kwanuko. Akadzasiya, wasiya."

Lolemba masana kunalibe makasitomala. Pabenchi panali anzake awiri amasiku onse. Wina anali Wataksi, munthu wa pakamwa, amene ankaimika galimoto panja n'kulowa kudzapuma. Wina anali Chidazi, yemwe analibe tsitsi ngakhale limodzi koma kushopu yometera sankajomba. Nkhani inafika pa filimu ya chombo ija, kenako pa magemu ake.

"Gemu ndi ya mfuti basi," anatero Wataksi. "Ukukwera kandege kako, zilombo za maso atatu zija zikubwera uku ndi uku, iwe phaa! phaa! Mtima umachita kugunda, aise."

"Za ana zimenezo," anatero Chidazi. "Gemu yeniyeni ndi ija umakhala woyendetsa chombo, kukambirana ndi mafumu a mapulaneti ena. Imafuna mutu."

"Mutu muli nawodi, akulu, tonse tikuuona. Koma gemu yanji yongokhalira misonkhano? Ndichoke kuntchito ndikakhalenso pamsonkhano ndi chilombo?"

"Iwe ungathe kukambirana ndi ndani? Ngakhale pasenjala umamulalatira."

Anaseka onse. Wataksi anatulutsa fulashi m'thumba la malaya.

"Ya mfutiyo ndili nayo pompano. Tiike pa chimakina chako chija tione amuna ndani."

Anapita kuseri atatu onse, kupanikizana pakati pa ndowa ndi khoma. Wataksi anakhala pampando, nalowetsa fulashi. Kompyuta inalira, inalira, kenako inakana. Malo anali ochepa.

"Tichotsepo china," anatero Wataksi, akuyendetsa mausi. Anaima pa kachithunzi ka tsamba lobiriwira. "Aa! Iyi si ya dimba ija? Akulu Chidazi, taonani! Munthu wamkulu, ndevu pepeya, akuthirira maluwa kuthambo!"

Chidazi anaseka mpaka kugwira khoma. "Pa magemu onse aja, wasankha ya khasu?"

"N'chifukwa chake amatseka mochedwa. Amakhala akupalira!"

Wometa ankawadziwa bwino. Anthu awiriwa nkhani sankaisunga. Pofika mawa msewu wonse ukanakhala ukumutcha Wamaluwa.

"Ndi yako, aise?" anafunsa Wataksi, misozi ya phwete ili m'maso.

Yankho linali lapafupi. Akanangonena kuti ndi ya mwana wanga, nkhani ikanathera pomwepo. Koma pakamwa pake panatuluka zina.

"Yanga? Inabwera ndi kompyuta imeneyo. Sindinaitsegulepo n'komwe."

"Ndiye ndifufute?"

Pa sikirini panabwera kabokosi kofunsa ngati afufute pamodzi ndi zonse zosungidwa. Wometa anakaona. Anawerenga mawu ake onse.

"Fufuta," anatero.

Sizinatenge nthawi. Katsamba kobiriwira kanazimirira, gemu ya mfuti inalowa. Wataksi anaombera zilombo mpaka foni ya kasitomala inamuitana. Chidazi anayesa, anafa asanakhote n'komwe, nati mausi ndi yakutha. Wometa atapatsidwa mpando anaomba khoma la chombo chake chomwe. Anzake anaseka, iyenso anaseka nawo.

Atachoka onse, anakhala yekha kuyang'ana pamene panali katsamba paja. Anazimitsa kompyuta n'kuiyatsanso, ngati kuti kabwerera kokha.

M'mawa mwake anainyamula kupita nayo kwa Wamafoni, wa shopu yoyandikana naye. Wamafoni anaifufuza uku akutafuna chingamu, kenako anapukusa mutu.

"Gemuyo ndikuikirani, si vuto. Koma zimene munasunga zinapita. Mwaika chinthu china pamwamba pake. Anafufuta ndani?"

"Ana," anatero Wometa, maso ali pansi.

"Ana ndi otero," anatero Wamafoni.

Bodza lachiwirili linamuwawa Wometa kuposa loyamba lija.

Wamafoni anachotsa ya mfuti, naikanso ya dimba. Maganizo a Wometa anali oti adzale mtengo wina, aukulitse msanga, Loweruka mwana asadzazindikire. Anatsegula gemu. Dimba linali dothi lokhalokha, ndi kanjere kamodzi m'kabotolo.

Anadzala, nathira madzi. Poona kuti sikamera, anathiranso. Anathiranso kachitatu. Kanamera, kanachita chikasu, kanagwa. Anayambiranso. Ulendo uno anayatsa magetsi onse a m'dimba kuti kakule msanga, kanapserera. Tsiku lina anasiya kasitomala mutu uli wometa mbali imodzi, n'kuthamangira kuseri chifukwa kompyuta inalira kuti mpweya wachepa.

"Achimwene, ndizipita chonchi?" anakuwa kasitomalayo.

"Ndikubwera, bwana, pepani!"

Chimene sankayembekezera n'chakuti anthu a m'chombo ankabwera m'dimbamo. Ankalowa mmodzimmodzi, kukhala pabenchi, n'kumayankhula. Panali mkulu wina wokonza mainjini amene ankabwera kudzangonunkhiza dothi, ati limamukumbutsa kwawo. Ankafunsa kuti, "Mtengo uja uli bwanji?" Wometa ankapezeka akumuyankha mokweza, yekhayekha m'shopu. Anazindikira kuti ntchito yake ndi yomweyi: anthu kubwera, kukhala pabenchi, kuyankhula za kwawo. Anazindikiranso kuti chaka chonse mwana wake ankakhala kuseri kuno akuchita zimenezi, iye osafunsapo ngakhale kamodzi kuti gemuyi imatani.

Foni ankaitenga kuti amuimbire, n'kuibwezanso m'thumba. Pofika Lachisanu, kamtengo kanali kotalika ngati chala.

Loweruka Kaputeni anafika ndi kachikwama kake kumsana. Tsoka lake, Wataksi anali atafika kale, ali pabenchi.

"Mwadzuka bwanji, adadi? Mwadzuka bwanji, ankolo?"

"Tadzuka, mwana," anatero Wataksi. "Iwe aise, gemu yanga ija wachotseranji? Ndinabwera dzulo uli kokagula malezala, ndapeza mwabwereranso zamaluwa zija."

Kaputeni anali atalowa kale kuseri. Wometa anaima ndi tawulo m'manja, kumvetsera kompyuta ikulira. Kenako kunangoti zii. Mwanayo anatulukira pakhomo la kuseri.

"Adadi, mtengo wanga uli kuti?"

Wataksi anayang'ana mwana, nayang'ana bambo. "Aa, inali yako? Pepa, mwana, ndinafufuta ndine. Koma bambo akowa anati inangobwera ndi kompyuta, alibe nayo ntchito."

Wometa anafuna pansi patang'ambika. Pagalasi lalikulu la m'shopu ankadziona yekha, tawulo lili m'manja, kukamwa kuli yasa.

"Munatero, adadi?"

"Ndinatero."

"Simunadziwe kuti ndi yanga?"

"Ndinkadziwa."

"Nanga bwanji?"

"Amandiseka," anatero Wometa. Mawuwo atatuluka anamveka aang'ono kwambiri, moti ngakhale Wataksi anayang'ana kumbali n'kuyamba kufufuza makiyi a galimoto m'matumba.

Kaputeni sanalire. Akanalira mwina zikanapepuka. Anatenga tsache monga ankachitira masiku onse, nasesa tsitsi lonse la pansi mpaka kuseri kwa chitseko. Anapinda matawulo. Kompyuta sanaiyandikirenso. Dzuwa lisanafike pamutu ananyamula chikwama.

"Ndikupita, adadi."

"Sudikira tidye?"

"Ndikadya kunyumba."

Anamuperekeza pokwerera basi. Njira yonse ankafuna kunena kanthu, koma chilichonse chimene ankaganiza chinkamveka ngati kudziikira kumbuyo. Basi itafika anangoti, "Ndinalakwa, Kaputeni." Mwanayo anagwedeza mutu, nakwera, nakhala mbali imene kunalibe windo loyang'ana kwa iye.

Mkati mwa sabata mayi ake anaimba.

"Mwamutani mwana? Akuti Loweruka apita ku netibolo."

Wometa anafotokoza zonse, osachotsera.

"Inu simusintha," anatero mayiwo. "Anzanu akaseka, mumagulitsa aliyense amene ali pafupi."

Wometa anabweza foni m'thumba.

Tsiku lotsatira anachotsa kompyuta kuseri kuja. Anaiika kutsogolo, patebulo la pambali pa galasi, pamene aliyense wolowa ankaiona. Anakweza ndi mawu omwe, kanyimbo ka m'dimba kaja n'kumamveka mpaka pakhonde. Sankadziwa ngati zimenezi zikonza kanthu. Ankangodziwa kuti kuseri kuja sangaibwezerenso.

Chidazi atalowa anaima pakhomo. "Ndiye mwafika poika munda poyera?"

"Ndi gemu ya mwana wanga," anatero Wometa, akupukuta makina. "Inenso ndimaikonda. Kuposa ya mfuti, kuposanso ya misonkhano yanu ija. Khalani pansi ndikupaleni ndevu."

"Wamaluwa!" anatero Chidazi, akuseka.

Dzinalo linagwiradi. Pofika Lachisanu ngakhale Wamafoni ankamuitana choncho. Linkamuwawa, koma osati mmene ankaganizira. Wataksi yekha sanalitchule. Anabwera kamodzi, nayang'ana kamtengo kaja nthawi yaitali, nati, "Kakuoneka kodwala, aise," n'kutuluka.

Loweruka m'mawa basi inaima, inatsitsa anthu, inapita. Inabwera ina, chimodzimodzi. Wometa anameta anthu osawaona nkhope. Aliyense wodutsa pakhomo ankamutembenuza khosi. Masana anasiya kuyang'ana kumsewu, nakhala pakompyuta. Masamba a kamtengo anali atayambanso kuchita chikasu. Anatenga kachitini ka madzi ka m'gemumo kuti athire.

"Musathire."

Anatembenuka. Kaputeni anali pakhomo, atavala malaya a netibolo, nsapato zili fumbi lokhalokha.

"Mukuthira madzi ambiri. Mizu ikuwola. Simukuona dothi lada?"

"Ndimayesa kali ndi ludzu."

"Kakachita chikasu inu mumangothira?"

"Eya."

Mwanayo anapumira m'mwamba ngati mayi ake. Analowa, koma chikwama sanatule. Anayang'ana kompyuta pamalo pake patsopano, nayang'ana benchi pamene Chidazi anali atakhala ndi nyuzipepala.

"Mwaiika pano bwanji?"

"Kuseri kuja kunali mdima."

"Bambo ako masiku ano ndi Wamaluwa," anatero Chidazi. "Msewu wonse ukudziwa."

Kaputeni sanaseke, koma anawayang'ana bambo ake kanthawi. Wometa anadzuka pampando.

"Khala, Kaputeni. Upitirize ndiwe."

"Ayi. Wanga unapita. Uwu ndi wanu."

Mawuwo anamulasa, ndipo anadziwa kuti ndi oona. Anakhalanso pansi pang'onopang'ono.

"Netibolo imatha masana," anatero mwanayo, akuyang'ana pa sikirini. "M'mawa sindizibwera."

"Chabwino."

Anakoka kampando kamene Wometa ankakhazikapo ana powameta, nakhala pambali pake, chikwama chili pamiyendo.

"Tsegulani kapaipi ka pansi apo madzi atuluke. Ayi, osati ako. Ka kumanzere. Adadi, kumanzere kwanu ndi kuti?"

Wometa anasuntha mausi kupita kumanzere. M'dimba muja chitseko chinatseguka, mkulu wa mainjini uja analowa, nakhala pabenchi, nafunsa za mtengo.

"Muyankheni," anatero Kaputeni. "Koma mumuuze zoona."