Loko Wofiira pa Swichi

Mphunzitsi wa zachitetezo anakhala masiku awiri pafakitale yocheka matabwa. Pochoka anasiyira wantchito aliyense loko wofiira wa kiyi mmodzi, ndi lamulo ili: wolowa m'makina kukakonza kapena kukachotsa utuchi ayambe wazimitsa magetsi, akhome loko wake pa swichi, kiyi aike m'thumba. Wochotsa lokoyo akhale mwini wake yekha. Udindo woyang'anira lamuloli anaupereka kwa mayi wonola macheka, popeza pa anthu onse ndiye yekha amene ankalemba zophunzitsidwazo.

Amene anaseka kwambiri anali mkulu wina amene anzake ankamutcha a Ndikudziwa, chifukwa sankalola munthu kumaliza kuwauza kanthu.

"Zaka makumi awiri ndikucheka matabwa, zala zanga khumi izi," anatero akutambasula manja. "Mphunzitsi wanuyo anagwirapo chipika?"

Lachinayi masana, anthu pobwera kokadya anapeza makina aakulu ali zii. Pa swichi pankalendewera loko wokhala ndi nambala ya a Ndikudziwa, koma eni ake sankaoneka. Panja panali lole yodikira matabwa, dalaivala wake akuliza hutala mosalekeza.

Kapitawo anafika atanyamula hamala. Iyeyu anali mwamuna wa mkulu wake wa mayi wonola macheka, ndipo ndi iye anamupezera mayiyo ntchitoyi. Anapeza mayiyo ataima kale kutsogolo kwa swichi.

"Mlamu, tapatukani pamenepo. Mkuluyu wapita kwawo ndi kiyi m'thumba. Njinga yake mukuiona?"

"Njingayo ili kwa wokonza kuyambira Lolemba, alamu."

"Ndiye tidikire mpaka Loweruka? Ndikachotsedwa ntchito chifukwa cha kaloko aka, mkulu wanuyo muzikamudyetsa ndinu."

"Ndizikamudyetsa. Iye sadya ngati inu."

Antchito anaseka. Wina anati mayiyo amugulire yunifolomu ya upolisi, winanso anati akwatiwe ndi lokoyo popeza amukonda chonchi. Koma mayiyo sanasunthe. Ankadziwa kuti magetsi akayaka, lamba wa pansi pa macheka amayamba kuyenda nthawi yomweyo, ndipo safunsa ngati pali dzanja la munthu.

"Taitana kale pakhomo la dzenje la utuchi la pansi pa makinawa, sanayankhe," anatero kapitawo.

"Mwaitana, inde. Mwasuzumiramo?"

"Pitani mukasuzumire nokha."

"Ndikachoka pano muphwanya lokoyu. Ndipatseni hamalayo, inu mukalowe."

Kapitawo anayang'ana antchito, kenako anayang'ana kachitseko ka kudzenjeko. Kanali kakang'ono, ndipo iye anali munthu wa mimba yake. Anapereka hamala, nagwada, nayamba kukwawa. Mapewa analowa bwino, koma mimba inakambirana kaye ndi mphuthu za chitseko. Anthu anangotsala akuona nsapato.

"Tikukankheni, bwana?" anafunsa wonyamula zipika.

Patapita kanthawi nsapato zija zinayamba kubwerera chammbuyo. Kapitawo anatuluka ali mbuu ndi utuchi, nakhala pansi. Pambuyo pake panatuluka a Ndikudziwa, kafosholo kali m'manja, m'makutu atatsekamo zotchinga phokoso zimene analandira kumaphunziro kuja. Dzanja lawo lamanja linali bii ndi girisi mpaka m'chigongono.

"Khungwa linakola pa lamba, ndimalisolola," anafotokoza mokuwa, poti sankadzimva. "Nanga nonsenu mwaunjikana pano bwanji? Kulibe ntchito?"

Palibe amene anaseka msanga. Kenako wonyamula zipika anawatsomphola chotchinga cha khutu limodzi.

"Achimwene, si inu munkati mphunzitsi uja sadziwa kanthu?"

"Ndinangofuna kuona ngati lokoyu ndi wolimba," anayankha a Ndikudziwa akupapasa m'matumba. Kiyi anakamupeza m'sokosi. Anatsegula loko okha, anthu anaima patali, ndipo macheka anayamba kulira.

Kapitawo anadzikung'untha, nayandikira mlamu wake.

"Za hamalazi zisakafike kunyumba," ananong'ona.

"Sizifika. Koma loko wanu ali kuti, alamu? Sindinamuonepo chilandirireni."

Kapitawo anakanda m'mutu, utuchi n'kumayoyoka.

"Mkulu wanu anakhomera kabati ya shuga."

"Ndidzera konko poweruka kukatenga lokoyo," anatero mayiyo. "Koma akandifunsa chifukwa chake, ine kunama sinditha."